Dzanja Limene Tinabweza

Kwathu kuno moni wa pakamwa pokha sakwanira. Ukafika pakhomo pa mnzako amayamba akupatsa pokhala, kenaka a pabanjapo amabwera mmodzimmodzi, ana atagwada, kudzakugwira dzanja ndi kufunsa za kumene wacokera. Wokana dzanja la mnzake timamuyesa wodzikuza kapena wosunga mangawa. N'cifukwa cake tikamakumbukira masabata oyamba a mliri wa korona m'caka ca 2020, cimene cimayamba kubwera m'maganizo ndi dzanja lija tinkalitambasula mwa cizolowezi, n'kulibwezanso mwamanyazi lisanafike kwa mnzathu.

Mbiri ya matendawa inatipeza tili ndi mantha ena kale. Pamene mawailesi anayamba kunena za cifuwa cacilendo cimene cinabuka mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019, ife kuno tinali kugona khutu lili kunja cifukwa ca mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Nkhaniyo inayambira ku Chingola n'kufalikira m'dziko lonse, ndipo anthu ambiri, ena a iwo alendo ongodutsa, anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya popanda wowafunsa mlandu. Za ku China zinali kutali. Tinadzidzimuka pamene mliri unalowa m'dziko la Italy, kwao kwa ansembe ndi masisitere ambiri amene anatumikira m'maparishi athu, ndipo tinaona zithunzi za magalimoto a asilikali akutulutsa mabokosi a maliro mumzinda wa Bergamo cifukwa malo anali atacepa. Pa 11 Marichi bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza kuti uwu tsopano ndi mliri wa dziko lonse lapansi. Pa 18 Marichi nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Dr Chitalu Chilufya, inatiuza kuti anthu awiri obwera kucokera ku France apezeka ndi kacilomboka mu Lusaka. Pa 20 Marichi masukulu anatsekedwa. Pa 25 Marichi Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti malo omwera mowa atsekedwe, ndi kuti pamsonkhano uliwonse, ngakhale paukwati ndi pamaliro, pasapitirire anthu 50. Pa 2 Epulo tinamva za imfa yoyamba. Cakudza siciimba ng'oma, koma ici cinaimba ndithu, ndipo tinaimva ikuyandikira mudzi ndi mudzi.

Zokamba za anthu m'masiku amenewo zinali za mitundumitundu. Ena ankati awa ndi matenda a okwera ndege ndi a kumayadi, sangafike m'komboni. Ena ankati khungu lakuda saliyamba, ena kuti dzuwa la kuno liwapsereza, ndipo akacasu anapeza cifukwa catsopano comwera. Panalinso amene anagwidwa mantha opitirira, moti munthu akangotsokomola m'minibasi onse ankatembenukira kuwindo ngati kuti waturutsa njoka m'thumba. Koma nkhawa imene ife tinaiona kuti ndi yomveka koposa inali ya amai ogulitsa tomato ndi repu pamsika wa Kapata ku Chipata kapena wa Soweto mu Lusaka. Malangizo akuti khalani panyumba ndi opepuka kwa wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Kwa iye amene ndiwo za madzulo zimacokera pa zimene wagulitsa masana, ndi mau olemera. Akuti sambani m'manja kawirikawiri ndi sopo ndi madzi oyenda. Nanga kumene mjigo uli kutali, ndipo cidebe cimodzi ndico cophikira, comwa ndi cosambitsira ana? Akuti wodwala agone m'cipinda cayekha. Nanga banja la anthu asanu ndi atatu la m'zipinda ziwiri? Boma lathu silinatseke dziko lonse monga anacitira ena kum'mwera, ndipo poona umphawi wa anthu athu sitinganene kuti linalakwa pamenepo.

M'chalichi zinthu zinasintha pang'onopang'ono, kenaka mwadzidzidzi. Tinali m'nyengo ya Lenti. Madzi odalitsa anacotsedwa pakhomo, ndipo m'malo mwake munaikidwa ndowa ya mpope ndi sopo. Zala zathu zinkapitabe zokha pa kabeseni kouma kaja. Cizindikiro ca mtendere cinasanduka kuweramirana. Ukaristia tinauzidwa kulandira m'manja, ndipo agogo ena amene cibadwire anali asanakhudzepo Thupi la Ambuye ndi zala zao anatambasula manja akunjenjemera. Posakhalitsa zitseko zinatsekedwa ndithu. Lamulungu la Kanjedza, pa 5 Epulo, linadutsa popanda mdipiti. Lacinai Loyera sipanakhale kusambitsa mapazi, pakuti Roma yomwe inalamula kuti mwambowo usiyidwe caka cimeneco. Pasaka wa pa 12 Epulo ambiri tinamudyera pambali pa wailesi, a kum'mawa tikumvera Radio Maria, ndipo akatekumeni amene tinawakonzekeretsa kwa zaka anavala zovala zao zoyera m'maganizo mokha. Amene anali ndi kanema anaona Papa Fransisko pa 27 Marichi ataima yekha mumvula pabwalo la Petro Woyera lopanda munthu, akudalitsa dziko lonse.

Koma cimene cinatilemera koposa ife aphunzitsi a Cikristu cinali cina, ndipo n'cimene tafuna kukamba nanu, okondedwa awerengi. Ambiri a ife tinayamba utumiki m'zaka zimene matenda a Edzi anali kukolola anthu ngati cimanga. Wodwala woyamba m'Zambia anadziwika mu 1984, ndipo mu 1987 Dr Kenneth Kaunda anaima pamaso pa dziko kunena poyera kuti mwana wao wamwamuna anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankangoti kunali kulodzedwa. Tikukumbukira bwino zimene zinkacitika m'midzi: wodwala kumumangira kanyumba kuseri, mbale yake ndi kapu yake kuziika pazokha, cakudya kumukankhira ndi phazi pakhomo. Nchito yathu yaikulu m'zaka zimenezo, pamodzi ndi amai odzipereka osamalira odwala kunyumba, inali kuphunzitsa cinthu cimodzi: yandikirani. Mgwireni dzanja. Idyani naye m'mbale imodzi. Msambitseni, mukhale pamphasa pake. Kacilombo ka HIV sikayenda m'moni, kapena m'mpweya, kapena m'nsima. Zinatenga zaka zambiri kuti phunziro limeneli lilowe, ndipo linalowa ndi misozi.

Tsono mu 2020 pakamwa pomwepo panayamba kuturuka mau ena: talikiranani, musagwirane canza, musapite kukazonda wodwala. Amai ena acikulire a mumphakati mwathu, amene anasamalira odwala Edzi osawerengeka ndi manja ao, anatifunsa mosapsatira kuti, "Aphunzitsi, si inu nomwe munkatiuza kuti wothawa wodwala wathawa Ambuye? Lero Ambuyewo asamuka?" Funso limenelo silinali lacibwana, ndipo kuyankha kuti boma latero sikukanakwanira.

Yankho lake lili m'kayendedwe ka tizilombo tiwiriti. HIV imadutsa m'magazi, m'kugonana, ndi kucokera kwa mai kupita kwa mwana. Wothawa wodwala Edzi ankathawa ngozi imene panalibe, ndipo cimene ankateteza cinali dzina lake ndi kunyansidwa kwake. Kacilombo ka korona kamayenda ndi mpweya umene timapuma, potsokomola, polankhula, ngakhale poimba. Coopsa cake n'cakuti munthu amatha kukhala nako masiku angapo, ena mpaka masabata awiri, asanamve kanthu m'thupi, ndipo ena sadwala n'komwe koma n'kumapatsira anzao. Conco mnyamata wamphamvu wocokera ku tauni, wobwera ndi shuga ndi sopo kudzaona agogo ake, akanatha kukhala iye wobweretsa imfa m'nyumbamo mosadziwa, pakuti okalamba ndi odwala shuga, mtima kapena cifuwa ndiwo ankagwa msanga. M'masiku a Edzi tinkaopa kuti wodwala atipatsira. M'masiku a korona woyenera kumukayikira poyamba unali iwe mwini. Kubweza dzanja kunali kunena kuti: mwina ndine ndanyamula, ndipo sindifuna kuti cikugwereni cifukwa ca ine.

Eklezia sanayambe lero kuganiza motere. Timakonda kusimba za Yesu amene anakhudza wakhate, ndi za Damiano Woyera amene anakhala pakati pa akhate ku Molokai mpaka anafa ndi khate lomwelo mu 1889. Sitisimba kawirikawiri za Karolo Borromeo Woyera, episkopi wa ku Milan pa mliri wa mu 1576. Iye sanathawe mumzinda pamene akuluakulu ena anathawa, ndipo ankayendera odwala. Komanso pamene anthu anatsekeredwa m'nyumba zao anaimika maguwa pamphambano za miseu kuti amve Misa ali pamawindo. Munthu mmodzi yemweyo anadziwa nthawi yoyandikira ndi nthawi yotalikitsa nkhosa zake.

Tisanamizane, komabe: malire a pakati pa kusamala ndi kusala ndi opyapyala ngati ulusi, ndipo ambiri anawadumpha. Pamene matenda anacuruka ku Nakonde mu Meyi 2020 mpaka cipata ca m'malire cinatsekedwa kwa masiku, aliyense wocokera kumeneko anasanduka wokayikiridwa. Oyendetsa mathiraki ankaloza ndi zala. Anamwino ena anaona anansi ao akuitana ana kuti acoke pakhomo pao. Banja limene galimoto ya acipatala yaima pakhomo pake linkakhala nkhani ya pamjigo kwa mwezi wathunthu. Mzimu womwe uja unapha alendo m'miyezi ya mphekesera za opopera mankhwala unali usanagone. Unangopeza dzina latsopano. Zotsatira zake tinazidziwa kale kucokera ku Edzi: munthu woopa kusalidwa amabisa. Amameza cifuwa cake, amamwa mapanado kuti thupi lizizire, n'kukakhala pakati pa anzake. Kunyoza wodwala ndiyo njira yacidule yofalitsira matenda amene ukuwaopawo.

Pamaliro ndi pamene lamulo linalimbana ndi mtima maso ndi maso. Maliro n'kulirana, ndipo kwathu saitanira. Mkuwe ukamveka, wa khasu amasiya khasu, wa pamoto amaphula mphika. Amai amagona m'nyumba ya siwa mothithikana, akuimba usiku wonse, abambo ali panja pamoto, adzukulu akukonzeka kukakumba. Tsono anthu 50 uwawerenga bwanji? Uyambira kucimuna kapena kucikazi? Ndani adzaima pamphambano kubweza apongozi amene ayenda mtunda wautali wapansi, kapena a kwaya imene malemu anaimbamo zaka makumi awiri? Tinaona akuluakulu a mpingo, anthu olimba mtima pa milandu ya maukwati, akusowa poyambira. Ndipo kunena zoona, m'midzi yambiri lamulolo linkagwira nchito pokhapokha pakamveka kuti apolisi ali pafupi. Komabe nyumba ya siwa, yotseka mawindo, yodzaza anthu olira ndi oimba mpaka mbandakuca, ndi malo amene kacilombo koyenda ndi mpweya kangawakonde kuposa ena onse. Mabanja amene anamvera anaika m'manda okondedwa ao mwamsanga, ndi anthu owerengeka, ena osaona n'komwe nkhope. Amasiye otere anabwerera kunyumba yopanda womwetsa phala. M'miphakati ina anapeza njira: nkhuni, ufa ndi ndiwo ankazitula pakhomo, n'kuima capatali kupemphera Korona, mau okha ndiwo akulowa m'nyumba. Dzina la pempherolo ndi la matendawo zinafanana mwangozi, ndipo ana ankaseka, akulu sankaseka.

Lero tikudziwa zambiri zimene m'masabata oyambawo zinali zisanadziwike bwino. Tinalimbikira kwambiri kusamba m'manja ndi kupukuta mabenchi, ndipo ukhondo sunapwetekepo munthu. Kolera ya mu Lusaka ya 2017 ndi 2018 inali itatiphunzitsa kale kuthirirana madzi posamba m'malo mozunguliza beseni limodzi kuyambira kwa wamkulu mpaka kwa wamng'ono. Koma akatswiri anadzatsimikiza kuti njira yaikulu ya kacilomboka ndi mpweya wa m'nyumba yotsekeka. Windo lotsegula, kansalu kophimba pakamwa ndi mphuno kamene amai athu ankasoka ndi zidutswa za citenje, ndi pemphero la pansi pa mtengo wa mango, zinali ndi mphamvu kuposa mmene ambiri ankaganizira. Masiteshoni osauka a kumidzi, a machalichi opanda magalasi m'mawindo, anali otetezeka kuposa ena okongola a m'tauni.

Popeza m'miyezi yoyamba imfa zinali zocepa, ambiri anayamba kunena kuti zonsezi zinali bodza la ofuna ndalama za azungu. Mliri unadzayankha wokha. Mu Januwale 2021 unatenga Ambuye Moses Hamungole, episkopi wa ku Monze, ndipo m'nyengo yozizira ya caka comweco, mu Juni ndi Julayi, zipatala zinadzaza, mpweya wa m'mabotolo unasowa, ndipo panalibe parishi imene sinaike wake. Katemera anayamba kuperekedwa mu Epulo 2021, naye ndi mphekesera zake. Mu Meyi 2023 a WHO analengeza kuti nthawi ya ngozi yaikulu yatha.

Ndowa zija za pakhomo pa chalichi zambiri tsopano zikuthirira maluwa a kumbuyo kwa nyumba ya ansembe. Pa cizindikiro ca mtendere ena abwerera kugwirana canza, ena akungowerama, ndipo pamakhala kamphindi koyang'anana kuti tione mnzathu asankha citi. M'kaundula wa mphakati wathu muli maina asanu ndi limodzi a okalamba amene tinawauza mu Marichi 2020 kuti ayambe akhala kunyumba mpaka zinthu zitakhala bwino. Awiri anatisiya. Mmodzi anatengedwa ndi ana ake ku Lusaka. Atatu otsalawo ali m'nyumba zao, miyendo inalema, ndipo amalandira Ukaristia pakhonde Lacisanu loyamba la mwezi.