Mapale a Denga la Aroma

Ofukula zakale akamaliza kukumba, zomwe apeza zimagawidwa kwa anthu osiyanasiyana. Makobidi amapita kwa wodziwa makobidi, mafupa kwa wodziwa mafupa, mbiya kwa wodziwa mbiya. Kwa ine kumabwera zolemera: matumba a pulasitiki odzaza mapale a matailosi ndi miyala yomwe Aroma ankafolera nyumba zawo kuno ku Britain. Ndimagwira ntchito kumadzulo kwa England, dera lomwe kunali matauni a Aroma monga Cirencester ndi Gloucester. Kuyambira mu 1990, ndondomeko ya boma imafuna kuti womanga nyumba kapena msewu pamalo oganiziridwa kuti pali zakale ayambe walipira ofukula. N'chifukwa chake matumbawa sasiya kubwera, ndipo ambiri sawakhumbira poti ndi ofiira okhaokha, ofumbi, othyola msana.

Aroma analowa m'dziko lino m'chaka cha 43 AD, pa ufumu wa Claudius, ndipo ulamuliro wawo unatha cha m'ma 410. Asanafike, eni dziko ankakhala m'nyumba zozungulira zofolera udzu kapena bango. Denga la dongo lootcha linabwera ndi alendowo. Linali la mitundu iwiri ya matailosi yogwirira limodzi. Loyamba ndi tegula, lophwatalala, lotalika pafupifupi theka la mita, lokhala ndi milomo yotukuka m'mbali zake ziwiri zazitali. Ankawayala moyandikana, mlomo ndi mlomo, lililonse likukwera pang'ono pa lam'munsi mwake. Lachiwiri ndi imbrex, lokhota, lomwe ankalivundikira pamwamba pa milomo iwiri yokumanayo kuti mvula isapeze polowera. Denga lotere limalemera kwambiri, choncho ankalimanga losatsetsereka kwenikweni, kulemera kwakeko n'kumaligwira. Misomali inali ya apo ndi apo, makamaka pamzere wa m'munsi.

Ine tailosi lathunthu sindiliona kawirikawiri. Zomwe zimandipeza ndi zibenthu, zina zokwana pachikhatho, zina ngati chala chachikulu. Choyamba ndi kutsuka. Beseni la madzi ozizira, burashi yofewa, osakhula mwamphamvu chifukwa dongo lomwe silinapse bwino limasungunuka pamodzi ndi zizindikiro zake. Kenako ndimayanika m'mathireyi, ndipo kapepala ka nambala ka m'thumbamo sikachoka pafupi ndi mapale ake. Nambalayo imanena dzenje kapena mulu wa dothi momwe anapezeka. Phale lotaya nambala yake latha ntchito, ngakhale likhale lokongola chotani.

Ndisanabwere kuno ndinaumbapo njerwa kudambo kwathu ku Ntcheu, ndipo palibe buku lomwe landithandiza pa ntchitoyi kuposa chikombole chija. Woumba njerwa amadziwa kuti dongo lonyowa limakakamira pomwe laikidwa, kuti limafota likamauma, kuti kuumba ndi ntchito ya chilimwe, komanso kuti usiku ziweto zimadutsa pabwalo loyanikira. Zonsezi ndimazipeza pa mapale a Aroma. Ndikatembenuza phale la tegula, kunsi kwake kumakhala kokhakhala ndi mchenga, chifukwa woumba ankawaza mchenga m'chikombole kuti dongo lisamate. Pamwamba pamakhala posalala, pena pali timizere tomwe chopalira chinasiya, ndipo m'tsinde mwa mlomo mumadutsa kangalande komwe munthu anakoka ndi chala. Ndikaika chala changa momwemo ndimadziwa mbali yomwe iye anaima. Imbrex nayo imadziulula yokha: ndi yopyapyala, yokhota, ndipo mchenga uli m'kati mwa kukhotako, poti ankayamba aumba chophwatalala n'kuchiyanika pa mtengo wozungulira kuti chipindike.

Osati chofiira chilichonse n'cha padenga. Phale lokhuthala kuposa masentimita atatu nthawi zambiri ndi njerwa, monga zija ankaunjika pansi pa nyumba zosambiramo kuti mpweya wotentha uzidutsa. Phale lokandidwa mizeremizere ndi chipeso, lokhala ndi mwaye m'kati, ndi la mapaipi a makona anayi omwe ankakweza utsi wotentha m'makoma. Zikandezo zinali zoti pulasitala agwire. Kusakaniza zimenezi ndi za padenga n'kunamizira nyumba.

Chomwe ndimachifuna kwambiri m'thumba ndi ngodya. Kuti tegula likwere bwino pa linzake, woumba ankachotsa kachigawo m'makona a milomo, ena podula ndi mpeni, ena poika kathabwa m'chikombole. Peter Warry, m'buku lake la mu 2006 lonena za matailosi amenewa, anasonyeza kuti kadulidwe ka ngodya zam'munsi kankasintha m'kupita kwa zaka, ndiponso kuti matailosi ankanka nachepa. Anakagawa m'magulu anayi. Ndimagwiritsa ntchito magulu akewo, koma sindiika zaka pa nyumba chifukwa cha ngodya imodzi. Amisiri a dera lina amachedwa kusiya zomwe anazolowera, ndipo ndimadikira kumva zomwe wa mbiya ndi wa makobidi apeza m'dothi lomwelo.

Kenako ndimabenthula kachidutswa ndi pulayala kuti ndione m'kati mwatsopano, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Dongo lililonse lili ndi zake: timchenga tonyezimira, timadontho tofiira ta chitsulo, timizere toyera. La ku Minety, m'chigawo cha Wiltshire, komwe kunali mauvuni ambiri otumiza matailosi ku Cirencester, ndimalizindikira msanga tsopano. La ku Harrold, ku Bedfordshire, ndi lodzaza ndi tizigoba ta nkhono ndipo linayenda mitunda yaitali m'zaka zomaliza za Aroma. Zimandidabwitsabe kuti katundu wolemera chotere, wosweka msanga, ankamukweza pangolo ndi m'mabwato m'malo moumba pafupi. Pakati pa phale pakakhala potuwa pomwe kunja kuli kofiira, ndiye kuti mpweya sunalowe mokwanira pootcha. Likakhala lopindika, lakuda, losungunuka ngati galasi, moto unapyola, ndipo mapale otere akachuluka pamalo amodzi ndimauza ofukula kuti uvuni suli patali.

Mbali yomwe imandisunga pa ntchitoyi ndi zizindikiro. Kumunsi kwa tegula ambiri kuli uta wojambula ndi chala chimodzi, ziwiri kapena zitatu dongo lisanaume. Ambiri timakhulupirira kuti ndi chizindikiro cha woumba kapena cha gulu lake, mwina chowerengera ntchito ya tsikulo. Amene analipidwapo powerenga njerwa sangavutike kumvetsa zimenezo. Ndimajambula uta uliwonse papepala loonekera, chifukwa ukapezeka womwewo pamalo awiri otalikirana ndiye kuti tapeza njira yomwe katundu wa bwalo limodzi anayenda.

Palinso mapazi. Agalu ndiwo ochuluka, kenako amphaka, ziboda za mbuzi ndi nkhosa, tizikhadabo ta mbalame, nsapato za misomali kunsi, nthawi zina phazi la mwana. Woumba sankataya tailosi chifukwa galu waponda. Ankaliotcha momwemo, n'kukwera nalo padenga. Ku Gloucester kuli phale la tegula lomwe linafukulidwa mu 1969 mumsewu wa Berkeley, koma mapazi a mphaka omwe ali pamenepo anaoneka mu 2015, munthu wina atakhala pansi kusanthula mapale osungidwa m'nyumba ya zakale ya mumzindawo. Ku London, tailosi lopezeka ku Warwick Lane linalembedwa m'Chilatini likadali lonyowa, wantchito wina akudandaula kuti mnzake Austalis wakhala akuzemba yekha tsiku ndi tsiku kwa masiku 13. Mafumu a Aroma analembedwa m'mabuku ndi pamiyala yosema. Anthu opondaponda dongo, ena mwa iwo akapolo kapena asilikali wamba, tili nawo m'mapale ngati amenewa basi, ndipo n'chifukwa chake ndimatembenuza phale lililonse mbali zonse ndisanaliike pambali.

Zidindo n'zosowa, koma zikapezeka zimatchula mwini ntchito. Gulu la asilikali la nambala 20, lomwe linkakhala ku Chester, linali ndi mauvuni ake ku Holt m'mbali mwa mtsinje wa Dee, ndipo linkadinda LEG XX VV. Asilikali a pamadzi ankadinda CL BR, zilembo zomwe zimapezeka ku Dover ndi madera a kum'mwera chakum'mawa. Ku Gloucester kuli RPG, chidindo cha akuluakulu a mzindawo, ndipo ku Silchester kunapezeka matailosi a dzina la mfumu Nero.

Miyala ya padenga ndi nkhani ina, ndipo ndimaona kuti imachitiridwa mosayenera. M'zaka za m'ma 200 ndi 300 AD, nyumba zambiri za kum'mwera ndi kumadzulo zinayamba kufoleredwa ndi miyala yong'aluka mopyapyala. Kuno kumadzulo ndimakumana kwambiri ndi mwala wamchenga wa Pennant, wochokera cha ku Bristol ndi ku Forest of Dean, wotuwa kapena wofiirira. Ku Dorset ankagwiritsa ntchito mwala wa laimu wa ku Purbeck, ku Leicester sileti la ku Swithland. Ankausema wa makona asanu ndi limodzi, wosongoka kumunsi, n'kuboola bowo la msomali kumtunda, kawirikawiri chapambali pang'ono. Mwala ulibe mlomo wogwirana ndi unzake, choncho uliwonse unkafuna msomali wakewake, ndipo nthawi zina ndimapeza msomaliwo udakali m'bowo, kapena dzimbiri lokha litazungulira.

Vuto ndi loti phale la dongo lootcha limaonekera patali m'dothi, pomwe chibenthu cha mwala chopanda bowo chimangofanana ndi mwala wina uliwonse. Wofukula wotopa, mvula ikumuvumba, amachiponya muwilibala. Kenako lipoti limati nyumbayo inali ya matailosi a dongo, pomwe denga lake lenileni lakatayidwa pamulu. Ndikapita kumalo okumba ndimapempha anyamata ndi atsikana kuti azindisungira mwala uliwonse wophwatalala womwe si wa m'deralo. Ndimawaonetsa m'mphepete mosemedwa, momwe nyundo inabenthula timagawo motsatana kuchokera mbali imodzi, ndi bowo lomwe limakula kumbali imodzi chifukwa chogogoda. Akangogwira kamodzi ndi manja awo, mawa lake matumba a miyala amayamba kubwera.

Kupeza mapale sikutanthauza kuti pamalopo panali nyumba ya denga lotero. Tailosi losweka silinkatayidwa. Ankaliyala pansi pa moto, kukonzera ngalande, kutsekera maenje a nsanamira, kulidula tizidutswa ta makona anayi toyala pansi m'nyumba, kapena kulisinja n'kusakaniza ndi laimu kuti apange simenti yofiira yosalowa madzi. Aroma atapita, anthu anapitiriza kukumba m'mabwinja awo. Nsanja ya tchalitchi chachikulu cha ku St Albans inamangidwa ndi njerwa zotengedwa m'mabwinja a tauni ya Aroma ya Verulamium. Choncho ndimawerenga ndi kuyeza pasikelo mtundu uliwonse paokha. Mapale akuluakulu, akuthwa m'mphepete, a tegula ndi imbrex pamodzi, ena olumikizana, amasonyeza denga logwa pomwepo. Tizidutswa tating'ono tosalala m'mbali tinayenda ndi makasu ndi manyowa kwa zaka zambiri. Tegula okhaokha opanda imbrex, milomo itagumulidwa dala, ndiye kuti wina anatola ophwatalala kuti amangire.

Ntchito imathera pa kusankha, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umalemera. Nyumba zosungiramo zakale zadzaza, ndipo sizingalandire mapale onse a malo amodzi. Ambiri, akawerengedwa ndi kuyezedwa, amatayidwa. Ndimasunga ngodya zonse, chilichonse cha chidindo, cholembedwa, uta wa chala kapena phazi, chilichonse chomwe muyeso wake wathunthu ulipo, miyala ya bowo, ndi chitsanzo cha dongo la mtundu uliwonse. Sinditsutsa kutaya, malo n'ngochepadi. Chomwe ndimakana ndi kutayira kumalo okumba, mapale asanatsukidwe, chifukwa chidindo chokutidwa ndi matope sichioneka ndipo mapazi a mphaka amafuna kuwala kochokera chapambali. Akandifunsa mtengo wa ntchito ndimaikamo masiku otsukira thumba lililonse, ndipo akafuna kudula ndimawauza kuti adule pena.