Ana Atatu a Mayi M

Woweruza akamagamula mlandu, maso ake amakhala pa wolakwa amene waima patsogolo pake. Ana otsala kunyumba nthawi zambiri saoneka m'mapepala a mlanduwo. Ndimalingalira zimenezi ndikakwera minibasi kuno ku Claremont kutsata Main Road kulowera ku Wynberg, kumene kuli bwalo la milandu lomwe linayambitsa nkhani ya mayi wina amene mabuku a malamulo amangomutchula kuti M.

M'chaka cha 2002 bwalolo linamupeza wolakwa pa milandu ya chinyengo ndi kuba, nkumulamula kukakhala kundende zaka zinayi. Sikanali koyamba kulakwa. Komabe ndiye ankalera yekha ana atatu aamuna. Mlanduwo utafika ku Constitutional Court, anawo anapatsidwa loya wowaimira paokha, ndipo bungwe la Centre for Child Law la ku Yunivesite ya Pretoria linaloledwa kuikapo mlomo. M'chaka cha 2007 woweruza Albie Sachs, potsamira ndime 28 ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa, analamula kuti bwalo lisanatsekere kholo lolera ana, liyambe lafufuza kuti anawo atsala m'manja mwa yani ndi chimene chiwachitikire. Mayiyo anagwira chilango chake ali pakhomo, akuyang'aniridwa, akubweza ndalama za anthu amene anawanyenga.

Woweruza Tholie Madala sanagwirizane ndi chilango chotere, ndipo nkhawa yake si yachibwana: amene anaberedwa nawonso ndi anthu. Chimene chimandikhutiritsa ine nchakuti chigamulocho sichinachite mwana chishango cha kholo. Chinangokakamiza boma kufunsa funso limene agogo aliyense wakumudzi angafunse asanamve n'komwe kukula kwa mlandu. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lathu la Malawi nayo imati ubwino wa mwana uzitsogola pa chiganizo chilichonse chomukhudza.

Koma funso lotere limafunsidwa mlandu ukafika kwa woweruza. Mayi wina wa kwathu, amene amagwira ntchito m'nyumba za kuno ziphaso zake zitatha, anandiuza kuti anasiya kiyi ndi nambala ya foni ya mlongo wake kwa mnansi. Anamuuza kuti likadzafika tsiku loti iye sanabwerere pofika 8 koloko usiku, akatenge mwanayo, amudyetse, kenako aimbe foniyo.