Injini Yopanda Pisitoni

Pakati pa anthu okonda magalimoto pali mlandu umodzi umene wakhala ukuzengedwa kuyambira caka ca 1957, ndipo woweruza wace sanapezekebe. Mlanduwo ndi wa injini ya Wankel. Ena anena kuti mwa injini zonse zimene munthu anapanga, iyi ndiyo yanzeru koposa. Ena anena kuti ndi cidole ca anthu olemera, comwa petulo monga mcenga umwera madzi. Ine ndamva mbali zonse ziwiri kawiri-kawiri, pakuti ndiri ndi anzanga awiri, wina makanika, wina mphunzitsi wa masamu, amene akakomana sangathe kapu ya tiyi osaichula.

Kuti mumve bwino mkanganowo, muyambe mwakumbukira injini wamba. M'kati mwace muli mapisitoni okwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Pisitoni ikatsika ikoka mpweya ndi petulo, ikakwera izipanikiza, pulagi ipereka moto, ndipo kuphulikako kukankhira pisitoni pansi, ikakweranso itulutsa utsi. Pa maulendo anai amenewa, umodzi wokha ndiwo upatsa mphamvu. Ndiponso pisitoni iyenera kuima kumwamba ndi pansi isanabwerere, ndipo kuima-imaku ndiko kugwedeza injini.

Felix Wankel, wobadwira ku Lahr m'dziko la Germany mu 1902, anafunsa funso looneka ngati la mwana: cifukwa ninji citsulo cikwere ndi kutsika, pamene cofunika ndico kuzunguza gudumu? Munthuyu sanaphunzire ku yunivesite. Anayamba nchito pa nyumba yofalitsa mabuku ku Heidelberg, ndipo cifukwa ca maso ace ofooka sanakhale ndi laisensi yoyendetsera galimoto moyo wace wonse. Mbiri yace iri ndi banga, pakuti anali wa cipani ca Nazi. Oyamika injini yace sakonda kuchula zimenezi.

Injiniyo iri motere. Taganizirani khoko la mtedza wa njere ziwiri, losaning'a kwambiri m'ciuno. M'kati mwace ikanimo citsulo ca ngondya zitatu, ca mbali zotupa pang'ono, cochedwa rota. Rota izungulira mopendekera mbali, nsonga zace zitatu zirikukhudza khoma nthawi zonse, kotero kuti pakhala zipinda zitatu zimene zikula ndi kucepa. Pamene cipinda cimodzi cirikukoka mpweya, m'cinzace petulo alikuyaka, ndipo cacitatu cirikutulutsa utsi. Mavalavu mulibe, rota yokha itseka ndi kutsegula mabowo. Rota ikazungulira kamodzi, shafiti yopereka mphamvu izungulira katatu. Mnzanga mphunzitsi akafika apa nkhope yace iwala, nanena kuti Mulungu akadapanga injini akadapanga yotere, yaing'ono, yopepuka, yosagwedezeka. Makanika amuyankha kuti, “Aphunzitsi, inu muiona pa pepala. Ine ndiiona itagona pa benchi.”

Ndipo makanika ali nazo mboni. Injini yoyamba inalira pa kampani ya NSU ku Neckarsulm pa 1 February 1957. Mu 1967 kampaniyo inaturutsa galimoto yokongola yochedwa Ro 80, imene inalandira mphoto ya galimoto yopambana ya ku Ulaya ya 1968. Koma injini zace zambiri zinatha msanga, ndipo kampani inali kupatsa eni ace injini zatsopano ulere. Cuma cinacepa, mu 1969 NSU inagwa m'manja mwa Volkswagen niphatikizidwa ndi Auto Union. Ro 80 inalekeka mu 1977, zitapangidwa ngati 37,000 cabe.

Cimene cinagwetsa kampani yonseyo ndi kacitsulo kakang'ono ngati cala. Pa nsonga iri yonse ya rota pali kacitsulo kotseka mpata, kuti mpweya wa cipinda cimodzi usathawire m'cinzace. Kameneka kakhula khoma kosalekeza, kudutsa mbali yozizira ndi mbali ya moto pa kuzungulira kuli konse. Kakaperepeseka, injini itaya mphamvu nikana kulira m'mawa. Kuti kasapse, injini ithira oilo pang'ono m'cipinda mwadala, ndipo oiloyo apsa pamodzi ndi petulo. Bvuto lina liri m'maonekedwe omwe aja okondweretsa mphunzitsi: cipinda coyakiramo moto ndi cacitali ndi copyapyala, kotero kutentha kwambiri kuthawira m'khoma, ndipo petulo wina aturuka asanapse. Cifukwa cace ambiri aika mapulagi awiri pa rota imodzi, koma ludzu la injiniyo silitha.

Makampani ambiri anagula cilolezo ca kupanga injiniyi, ndipo pafupi-fupi onse anaileka. Inatsala kampani ya Toyo Kogyo ya ku Hiroshima, imene lero tiidziwa ndi dzina la Mazda. Inapangana ndi NSU mu 1961, ndipo mu 1963 inasankha amisiri 47 otsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto. Iwo anapeza kuti tizitsulo tija tinjenjemera ndi kukanda khoma, kusiya mizere imene anaicha zikhadabo za mdierekezi. Anayesa zinthu zamitundu-mitundu kufikira anapeza msanganizo wa kaboni ndi aluminiyamu wosakanda, ndipo mu 1967 anaturutsa galimoto yochedwa Cosmo Sport.

Apa ndipo ine ndisiyana ndi anzanga onse awiri. Mphunzitsi alemekeza Wankel cifukwa ca ganizo lace. Makanika anyoza Wankel cifukwa ca zolephera za ganizolo. Onse awiri aiwala anthu 47 aja, amene anatha zaka alikuyang'ana kacitsulo kamodzi. Ngakhale injini imene inalowa m'magalimoto siinali ndendende ya Wankel. Yace yoyamba inali kuzungulira rota ndi khoko lomwe. Mmisiri wina wa NSU, Hanns Dieter Paschke, ndiye anaimitsa khokolo kuti cinthuco citheke kuikidwa m'galimoto, ndipo Wankel sanakondwere. Dzina linatsalira wolota, koma thukuta linali la ena.

Pali nthambi ina ya mlanduwu imene inditenga mtima monga kalaliki, pakuti ikhudza mafomu. Kodi injini yotere ukulu wace tilembe ciani? Injini ya Mazda yochedwa 13B iri ndi marota awiri, ndipo eni ace awerenga cipinda cimodzi pa rota: 654 kuwirikiza kawiri, ndiye 1,308 cc. Makanika ati ici ndi cinyengo, pakuti injini ya mapisitoni ifuna kuzungulira kawiri kuti masilinda onse ayake, ndipo pa kuzungulira kuwiri 13B imeza mpweya wa 2,616 cc. Ena awerenga zipinda zonse zisanu ndi cimodzi napeza 3,924. Boma la Japan, posonkhetsa msonkho, licurukitsa nambala yoyambayo ndi 1.5. Manambala anai pa injini imodzi! Mphunzitsi akati, “Taonani, kainjini ka 1,308 kathamanga ngati ya 3,000,” mnzace angoti, “Ndipo kamwa ngati ya 3,000.”

Tsiku lalikuru la mbali ya mphunzitsi linafika mu June 1991 ku Le Mans m'dziko la France, pa mpikisano wa maola 24. Galimoto ya Mazda 787B, ya marota anai ndi mphamvu ya akavalo ngati 700, yoyendetsedwa ndi Johnny Herbert, Volker Weidler ndi Bertrand Gachot, inazungulira bwalo ka 362, mtunda woposa makilomita 4,900, nipambana. Inali galimoto yoyamba ya ku Japan kupambana kumeneko. Injini yonenedwa kuti siikhalitsa inatha usana ndi usiku pamene zina zochuka zinafera m'njira. Mphunzitsi akonda kunena kuti azungu anailetsa caka cotsatira cifukwa ca nsanje, koma apa alakwa: malamulo atsopano anali atakonzedwa kale mpikisanowo usanacitike.

Mtengo wa petulo ndi malamulo oletsa utsi woipa zinacita zimene Le Mans sinacite. Mazda RX-8 inalekeka mu 2012. Mu 2023 injiniyo inabweranso m'galimoto yochedwa MX-30, koma ya rota imodzi, ndipo siizunguza magudumu iai. Ingozunguza jenereta yodzaza batire. Mphunzitsi ati imeneyi ndiyo nchito yoiyenera, pakuti ikhala yaing'ono ndi yacete. Makanika ati mfumu yasanduka wotunga madzi, koma wandipempha kale kuti ndikamva za imodzi yolowa muno m'Lusaka ndimuuze, akaione m'kati.