Cikombole cimodzi, nchelwa zambili

Peji imene mumaona mukatsegula webusaiti ya wailesi yathu sikhala penapake kukuyembekezelani. Imapangidwa pa nthawi imene mwaipempha. Foni yanu imatuma uthenga ku seva, seva imayendetsa pulogalamu ya PHP, pulogalamuyo imatenga zilengezo za lelo mu database n'kuziika mu HTML, ndipo peji yafika. Wina akatsegula pakapita ola limodzi angapeze zina, cifukwa pabwela cilengezo catsopano. WordPress na pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia zimagwila nchito mwanjila imeneyi, ndipo zonse ziwili zinalembedwa mu PHP.

Pa wailesi ya m'dela monga yathu, olemba mapeji amenewa ndife odzipeleka, madzulo tikakomboka ku nchito zina. Cilengezo cimodzi ca malilo cimaonekela m'malo anayi: pa peji yoyamba, pa peji ya zilengezo, pa kompyuta ya woulutsa mu studio, na pa pepala limene timapulinta ku ofesi. Malo onse anayi afunika kuchula tsiku limodzi, ola limodzi, manda amodzi. Banja lalipila ndalama zake kuti abale amve, ndipo munthu amene wakwela basi kucoka ku Chipata sayenela kufika atasowa kale mwambo. Ndiye cifukwa cake timalemba ma class athuathu.

Aliyense amene anaonako oumba nchelwa angamvetse class. Cikombole cimakhala cimodzi, koma nchelwa zotulukamo n'zambili, ndipo zonse n'zofanana kukula. Class ni cikombole, object ni nchelwa. Ise tili na class yochedwa Cilengezo, imene imakhala mu fayilo yakeyake, Cilengezo.php. Mkati mwake tinalembamo zimene cilengezo ciliconse cimakhala nazo: mtundu wake, uthenga, tsiku, malo, na nambala ya foni ya wotumiza. Tinalembamonso zimene cingacite, monga kuonetsa tsiku kapena kufupikitsa uthenga. Peji ikafuna cilengezo, imaitana fayiloyo na require_once, n'kulemba new Cilengezo, basi nchelwa yatuluka. Peji imasamala cabe za maonekedwe. Malamulo onse amakhala mu class.

Tengani nkhani ya nthawi. Seva zambili zimene timacita lendi zili kunja, ndipo zimayendela UTC, pamene Zambia ili patsogolo na maola awili. Uthenga wotumizidwa 01:00 usiku kuno, seva imauona monga wa 23:00 dzulo. Mu class yathu muli malo amodzi pamene nthawi imasinthidwa kupita ku Africa/Lusaka. Mapeji onse anayi amafunsa pamenepo, conco palibe peji imene inganene Cisanu pamene inzake ikunena Ciwelu.

Manambala a foni naonso ali na zawo. Wina amalemba kuyamba na 097, wina na 26097, wina na +260 n'kusiya mipata pakati. Class imawakonza onse kuti akhale m'kalembedwe kamodzi isanawasunge. Ndipo nambalayo tinaiika kukhala private, kutanthauza kuti peji singaitenge mwacindunji. Ifunika kupempha, ndipo peji ya anthu onse imapatsidwa cabe manambala atatu othela. Kucokela mu 2021 dziko lathu lili na lamulo la Data Protection Act, koma ngakhale popanda lamulolo, mayi amene walengeza za mwana wosowa safunika kuyamba kulandila mafoni a akathyali ofuna ndalama.

Cina n'cakuti sikuti onse olemba mu fomu ali na mtima wabwino. Ena amaikamo JavaScript m'malo mwa moni, kuti iyende pa foni ya aliyense wotsegula pejiyo. PHP ili na function yochedwa htmlspecialchars imene imacititsa zolemba zaconco kuoneka monga mawu wamba. Vuto n'lakuti ufunika kuikumbukila paliponse. Ikakhala mu class, uthenga uliwonse umadutsa pa geti imodzi, kaya wolemba peji wagona tulo tokwanila kapena ayi.

Maganizo amenewa si a lelo. Anayamba ku Norway m'zaka za m'ma 1960, pamene Ole-Johan Dahl na Kristen Nygaard anapanga cinenelo ca Simula. PHP, imene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995, inayamba monga tuzida tung'ono twa mapeji, ndipo ma class ake anadzalimba mu PHP 5, mu 2004. Manje kuli na autoload: ukachula class, PHP imadzipezela yokha fayilo yake, osafunika kulemba require_once pa peji iliyonse. Anzathu a Java na a ASP.NET ali na njila zawo, koma mfundo ni imodzimodzi.

Pali cinthu cimodzi cimene cimasokoneza ophunzila ambili. Object ya mu PHP imakhala na moyo waufupi maningi. Imabadwa pamene peji yapemphedwa, ndipo imafa peji ikangotumizidwa. Munthu wotsatila akatsegula, zonse zimaumbidwanso. Conco ciliconse cimene mufuna kuti cikhalepo mailo, cisungeni mu database. Class imadziwa malamulo, koma siisunga mbili.

Koma phindu lalikulu kwa ise ni la anthu. Odzipeleka sakhalitsa. Wina amapeza nchito ku Kitwe, wina amapita ku koleji, wina amakwatiwa n'kusamuka. Amene amabwela pambuyo nthawi zambili ni mtsikana kapena mnyamata wongotsiliza Grade 12, amene waphunzila PHP pa YouTube na bando ya usiku. Akapeza lamulo la mtengo wa cilengezo lamwazikana m'mafayilo khumi, adzaopa kukhudza ciliconse, ndipo webusaiti idzafa pang'onopang'ono. Akapeza fayilo imodzi yochedwa Cilengezo, yokhala na maina omveka m'cinenelo cake, adzasintha mzele umodzi n'kubwelela ku studio. PHP siikakamiza munthu kuchula class yake m'Cizungu.

Sitikunena kuti ciliconse cifunika class. Peji yofotokoza mbili ya wailesi, imene imasintha kamodzi pa caka, isiyeni ikhale HTML wamba. Muyeso wathu ni wapafupi: lamulo likafunika m'mapeji awili kapena kuposapo, kapena likakhudza ndalama, nthawi na cinsinsi ca munthu, lipatseni nyumba yake. Ngati mukupangila webusaiti chechi, timu ya bola ya m'komboni kapena shopu ya amalume, yambani na cinthu cimodzi cimene mumacikopela kawilikawili. Cicotseni m'mapeji, cipatseni dzina, ndipo mapeji aziciitana.