Kalata kwa Mdzukulu Wanga pa za Makombo ndi Nkhuku

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye, iwe pamodzi ndi amuna ako ndi ana, pokhulupirira kuti Chauta akukusungani bwino m'nyumba yanu ya ku Area 47, monganso atisunga ife kuno ku Old Town, kumene chotisautsa ndi mawondo a ukalamba okha.

Mayi ako andiuza kuti popeza nonse awiri mumalawirira ku ntchito ku City Centre ndi kubwerako dzuwa litalowa, mkute, nkhoko ndi masamba ofota zimangothiridwa m'bini kuti galimoto ya zinyalala idzatenge. Ndipo mawu amenewa, angakhale ananenedwa mongocheza, anandilasa mumtima, pakuti ine ndinaleredwa ndi anthu amene anapulumuka njala ya 1949, ndipo ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa, pamene amayi ankafola pa zigayo kufuna madeya oti akaphikire ana awo. Ambuye Yesu mwini wake, atadyetsa anthu 5,000, analamula kuti makombo atoleredwe, ndipo anadzaza mitanga 12. Nanga ife ndife yani kuti titaye chimene mlimi wa ku Mitundu kapena ku Mchinji anachipalira ndi thukuta, chimene iwe unachigula ndi ndalama ndi kuchiphika ndi makala odula, kuti chikaolere ku mtaya wa ku Area 38?

Tsono langizo langa nali. Mipanda ya ku Area 47, monganso ya ku Area 10, 12 ndi 43, ili ndi malo ambiri kuseri kwa nyumba. Pamenepo umangitse khola lokwezeka, lofolera bwino ndi lotchinga ndi waya, kuti mphamba, agalu ndi likongwe asapeze polowera, ndipo uyambe ndi misoti isanu kapena isanu ndi umodzi, ya chikuda kapena ya Mikolongwe, zakuda zija zimene zimakula thupi ndi kuikira koposa zachikuda. Usathamangire zambiri, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo makombo a banja limodzi sangadyetse khamu.

Mkute uziufumbutula ndi manja, nkhoko uziiviika m'madzi kufikira itafewa, mpunga wotsala, mitu ya usipa ndi matemba, zotsadzula za nkhwani, mpiru, bonongwe ndi kabichi, zonsezi nkhuku zimalandira mokondwera. Ndipo ukapita ku msika waukulu wa Lilongwe, amayi ogulitsa ndiwo amakhala ndi masamba othothoka amene angakupatse ukawapempha mwaulemu. Makoko a mazira uziwaumitsa ndi kuwasinja, osawapereka athunthu, kuopa kuti nkhuku zingaphunzire kujompha mazira awo omwe. Koma usaganize, mwana wanga, kuti nkhuku ndi dzala loponyapo chilichonse. Chakudya chochita chuku, ndiwo zosasa, zamchere wambiri, nyemba zosaphika, makoko obiriwira a mbatata ya kachewere ndi makoko a mapeyala, izi usazipatse konse, pakuti zimadwalitsa kapena kupha kumene. Uzipereka m'mawa mulingo woti zithe tsiku lomwelo, ndi kusesa chotsala madzulo, chifukwa chakudya chogonera pabwalo chimaitana makoswe ndi ntchentche. Makombo okha sakwanira. Uzionjezapo madeya ndi chakudya chogula cha nkhuku zoikira pang'ono, ndipo madzi oyera asasowe m'khola usana wonse.

Walira mvula walira matope. Mdani wamkulu wa nkhuku ndi chitopa, chimene chimakonda miyezi yotentha mvula isanagwe, ndipo chimatha kupulula khola lonse m'masiku owerengeka. Katemera wake wotchedwa I-2, wodonthezera m'diso, amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory konkuno ku Lilongwe, ndipo amaperekedwa miyezi inayi iliyonse. Alangizi a ziweto akuuza kopeza. Nkhuku yongogula kumene pamsika uziyamba waiika payokha kwa milungu iwiri, ndipo pabwalo pazikhala phulusa loti zizisamba pothamangitsa utitiri.

Kumbukanso anansi ako. Ku Area 47 anthu sakhala monga kumudzi, kumene kulira kwa tambala ndi koloko ya aliyense. Thadzi limaikira ndithu popanda tambala, chotero ngati sufuna anapiye, tambala mleke. Uyambe wafunsa eni nyumba ndi a Khonsolo ya mzinda za malamulo a ziweto, ndipo khola lizisesedwa kawirikawiri kuti fungo lisadumphe mpanda. Zitosi uziziunjika ndi zinyalala zouma mpaka zitaola, pamenepo uthire m'kadimba kako.

Chimene ndikhumba koposa mazira ndi chakuti ana ako, amene akukula akudziwa nkhuku ya m'firiji yokha, azinyamula okha mbale ya makombo kunka nayo kukhola, azitola mazira ndi manja awo, kuti pamene adzakhale eni makomo asadzapeputse chakudya. Ndiponso kuti mlendo akafika, udzamgwirire nkhuku ya pakhomo pako monga mwa mwambo wa makolo. Ukambirane ndi amuna ako mofatsa, ndipo khola likatha unditumizire mawu, ndidzakupatsa misoti iwiri ya m'khola langa.

Undiperekere moni kwa onse.

Ndine agogo ako okukonda.