Malo Amene Mlendo Saonetsedwa ku Highfield

Mlendo akafika mumzinda uliwonse waukulu, eni mzindawo amakhala atadziwa kale malo oyenera kumuonetsa. Ku Harare amapita naye ku National Heroes Acre, kuphiri la Kopje, ndi ku miyala yosanjikizana ya ku Epworth imene chithunzi chake chidakhala pa ndalama za Zimbabwe kwa zaka zambiri. Akakhala mlendo wokonda mbiri ya ndale, amamutengeranso ku Highfield, dera limene boma la atsamunda lidakhazikitsira anthu akuda m'zaka za m'ma 1930, kumwera chakumadzulo kwa mzindawu, kufupi ndi mafakitale a ku Southerton ndi ku Willowvale. M'derali mumakhala mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale, amene adabadwira komweko m'chaka cha 1966. Anthu a kumpingo kwawo amawaitana ndi mfunda wawo, a Naphiri. Popeza amadziwa mbiri ndipo amayankhula Chichewa, Chishona ndi Chingerezi, abale ndi alendo a mpingo ochokera ku Malawi akhala akuperekedwa m'manja mwawo kuti awayendetse.

Njira imene a Naphiri amadzera ndi alendowo ndi yomwe aliyense wodziwa Highfield angadzere. Amayambira pa Machipisa, pamene pali masitolo ndi pokwerera makombi, n'kuwaonetsa hotela ya Mushandirapamwe imene George Tawengwa adatsegula m'chaka cha 1972. Dzinali m'Chishona limanena za kugwirira ntchito pamodzi. Kenaka amapita ku holo ya Cyril Jennings, kumene kunkachitikira misonkhano ya chipani cha National Democratic Party chimene chidakhazikitsidwa mu Januwale 1960. Amawafotokozera kuti mu Julayi chaka chomwecho anthu zikwi zingapo adauyamba ulendo wapansi kuchokera ku Highfield kulunjika pakati pa mzinda kukadandaula za atsogoleri awo omangidwa, ndiponso kuti pa 8 Ogasiti 1963 chipani cha ZANU chidabadwira m'nyumba ya Enos Nkala m'dera lomweli. Amawaonetsa nyumba ya Robert Mugabe ku New Canaan, bwalo la mpira la Gwanzura, ndipo amatsirizira pa Zimbabwe Grounds. Pabwalo limeneli khamu lalikulu lidalandira Mugabe pa 27 Januwale 1980 pobwera kuchokera ku Mozambique; pomwepo pa 11 Malichi 2007 apolisi adabalalitsa msonkhano wa mapemphero wa otsutsa boma, Gift Tandare n'kuphedwa; ndipo pomweponso pa 18 Novembala 2017 anthu adasonkhana kuuza Mugabe yemweyo kuti atule pansi udindo.

Ulendo umenewu a Naphiri ankaunyadira, ndipo ndi woyeneradi kuunyadira, pakuti ndi madera ochepa mu Africa amene mbiri ya dziko lonse idaunjikana pa malo oti munthu angayende ndi miyendo tsiku limodzi. Koma m'chaka cha 2012 kudabwera mnyamata wa ku Dedza, mdzukulu wa mlongo wa bambo awo, amene ankaphunzira za mbiri ku yunivesite. Atazungulira malo onsewo, mnyamatayo adafunsa mwaulemu kuti, "Azakhali, zonsezi ndaziona ndipo ndathokoza. Nanga agogo aja, pa malo onsewa, ali pati?" A Naphiri adayankha kuti agogowo adagona ku manda, ngakhale ankadziwa kuti funsolo silinali la manda.

Bambo a Naphiri adachoka ku Dedza m'chaka cha 1949 ali ndi zaka 20. Adakwera galimoto za Ulere, zimene boma la Southern Rhodesia lidakhazikitsa kuti zizinyamula mwaulere anthu a kumpoto opita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Adayamba ntchito pa famu ya fodya, kenaka adalowa m'tauni n'kupeza ntchito m'fakitale yopanga ndudu. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, Salisbury ndiye adali likulu la mayiko atatuwo, ndipo anthu a ku Nyasaland adali ochuluka kwambiri pakati pa antchito a mumzindawo. Ambiri mwa eni dziko ankagwira ntchito kwa kanthawi n'kubwerera kumudzi kukalima, pamene Anyasa, kwawo kutatalika, ankakhazikika. Ndi chifukwa chake pamene nyumba zatsopano zinkagawidwa ku Highfield kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, bambowa adalembetsa n'kulandira nyumba ya zipinda zinayi kudera lotchedwa Egypt. Kumudzi adapitako kawiri kokha moyo wawo wonse. Abale a ku Dedza ankawatchula kuti mtchona, munthu amene adapita osabwerako.

Munthu wotere alibe chipilala ku Highfield, ndipo palibe msewu wa dzina lake. Chimene adasiya chimamveka m'mawu amene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Highfield ndi dera limene mayina ake amafotokoza okha mbiri. Ku Old Highfield kuli zigawo zotchedwa Two Pounds, Five Pounds ndi Twelve Pounds, kutengera ndalama zimene anthu ankalipira pa nyumba. Ku New Highfield kuli Egypt, Canaan ndi Jerusalem, mayina a anthu owerenga Baibulo amene ankadziwa za ukapolo ndi za dziko lolonjezedwa, kuli Lusaka, kulinso Cherima, dera la mdima, chifukwa kudalibe magetsi. M'Chishona cha m'misewu imeneyi mudalowanso mayina otchulira Amalawi. Lotchuka ndi lakuti mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Chishona chilibe liwu la l, choncho dzina la mzinda wa ku Malawi lidapindidwa kuti likwane pa lilime la Mshona, n'kukhala dzina la aliyense wochokera kumpoto, kaya kwawo ndi ku Karonga kaya ku Chipata. Lina ndi lakuti achimwene. Mawu aulemu amene Anyasa ankaitanirana pa ntchito, ena adawatola n'kuwasandutsa chizindikiro, nthawi zina chachikondi, nthawi zambiri chachipongwe. Gule Wamkulu naye adalandira dzina la Chishona, zvigure, ndipo ana ambiri a m'derali adakula akumuthawa asanadziwe kuti bungwe la UNESCO lidzamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse m'chaka cha 2005.

Mawu oterewa a Naphiri adakula nawo ndipo ankawaseka. Adasiya kuwaseka pamene boma lidawapatsa mphamvu ya lamulo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Mugabe pa msonkhano wina wandale adanyoza anthu a ku Mbare, amene adali atatembenukira ku chipani chotsutsa, kuti ndi obwera opanda mutupo, kutanthauza opanda mfunda. Kwa Mchewa amene amaitanidwa kuti Phiri kapena Banda kuyambira ali kumsana, mawuwa adali odabwitsa, koma tanthauzo lake lidamveka. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa kotero kuti aliyense amene akadatha kuwerengedwa ngati nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adayenera kuukana unzikawo mwa malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. A Naphiri, amene adali asanagonepo ku Malawi kopitirira sabata ziwiri, adaima pa mizere masiku angapo ku ofesi ina kuti akane unzika umene sadaukhalepo nawo. Anzawo ambiri amene sadakwanitse adatsala ndi zitupa zolembedwa kuti Alien, ndipo sadathe kuvota. M'chaka cha 2005, pa ntchito yogwetsa nyumba ya Murambatsvina, imene lipoti la United Nations lidati idalanda anthu pafupifupi 700,000 pokhala kapena popezera chakudya, ogwetseredwa ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Ana a matchona adalibe mudzi wobwererako m'Zimbabwe. Zinthu zidasintha m'chaka cha 2013, pamene malamulo atsopano oyendetsera dziko adati wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake ndi la dziko la m'bungwe la SADC ndi nzika, ndiponso adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Bambo awo adamwalira m'chaka cha 2004, asanazione zimenezi.

Funso la mnyamata wa ku Dedza lidawatsata a Naphiri mpaka kutali. Mwana wawo wamwamuna, monga achinyamata ambiri a ku Zimbabwe m'zaka zimenezo, adakaphunzira ku Malaysia, ndipo m'chaka cha 2014 mayi ake adapita ku Kuala Lumpur ku mwambo wolandira digiri. Uko ndiwo adali alendo, ndipo mwana wawo adawayendetsa njira imene alendo onse amadzera. Adaona nsanja ziwiri za Petronas, zotalika mamita 452, zimene zidamalizidwa m'chaka cha 1998. Adaima pa bwalo la Dataran Merdeka, pamene mbendera ya Britain idatsitsidwa usiku wolowa pa 31 Ogasiti 1957, ndipo adati m'mtima mwawo apa ndiye pa Zimbabwe Grounds pa eni kuno. Koma njira yomweyo idawafikitsanso pa malo a mtundu wina. Mzindawu udayamba cha m'ma 1857 ngati msasa wa Matchaina okumba mtapo wa tini, pamene mitsinje ya Klang ndi Gombak imakumana. Dzina lake limanena za matope a pamakumano pamenepo. Msewu wina wa pakati pa mzinda udatchulidwa dzina la Yap Ah Loy, mtsogoleri wa obwerawo. Kachisi wa Sri Mahamariamman, amene Atamil ochokera ku India adakhazikitsa m'chaka cha 1873, ali pa mapu onse a alendo, chimodzimodzinso dera la Brickfields limene lidakula ndi Amwenye ogwira ntchito pa njanji.

Poyamba a Naphiri adachita nsanje, poona kuti anthu amene adabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi pa njanji ya atsamunda a Chingerezi, monga momwe adachitira bambo awo, kumeneku malo awo amajambulidwa ndi alendo. Nsanjeyo idachepa mwana wawo atawauza za liwu la Chimalay lakuti pendatang, lotanthauza wobwera, limene pa mikangano yandale ena amanyozera nalo nzika za Malaysia zimene makolo awo adachokera ku China kapena ku India, ngakhale mabanja awo akhala m'dzikomo mibadwo ingapo. Adazindikira kuti kachisi angathe kukhala pa mapu a alendo pamene opembedzamo akutchedwabe obwera. Komabe adaonanso kusiyana kumodzi kumene sakadakukana: mwana wa Mtamil ku Kuala Lumpur akafunsa kuti agogo ake ali pati mumzindamo, pali nyumba yoti amulozere, ndipo pakhoma pake palembedwa chaka.

Atabwerera ku Highfield adagula kope la kusukulu n'kuyamba kuyendera okalamba a kumpingo ndi a m'bungwe lothandizana pa maliro limene bambo awo adali membala. Mpingo wa CCAP ndiwo malo a Amalawi amene ali ndi mbiri yolembedwa bwino: mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland adafika ku Salisbury m'chaka cha 1912 kudzatumikira matchona, ndipo mipingo imene idabadwa m'ntchitoyi idalowa mu CCAP ngati sinodi yapayokha m'chaka cha 1965. Zina zonse zidali m'mitu ya anthu. Gogo wina adawalozera nyumba imene obwera kumene ankafikira n'kugona pakhonde mpaka atapeza ntchito. Wina adakumbukira telala amene ankalembera anzake makalata opita kumudzi ndi kuwawerengera mayankho. Wina adatchula malo amene kudali dambwe, amene tsopano padamangidwa nyumba, ndipo adawapempha kuti alembe dera lokha osati malo enieniwo, pakuti za kudambwe saulula. A Naphiri amalemba dzina la malo monga momwe wokalambayo walitchulira, m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona ndi Chingerezi cha kufakitale, chifukwa katchulidweko nako ndi umboni wa kumene munthuyo adadutsa.

Ntchitoyi ikuthamanga ndi nthawi. Mwa okalamba amene adayamba nawo, ambiri adatsikira kale kuli chete. Adzukulu awo amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona, ndipo ena adasintha mayina awo kalekale kuti asamafunsidwe za kwawo. M'banja la a Naphiri momwe muli nkhani yosatha. Mayi awo atamwalira, alongo awo awiri amene ali ku Johannesburg adati nyumba ya ku Egypt igulitsidwe, ndalama zigawidwe, ndipo zifukwa zawo ndi zomveka, pakuti ali ndi ana a sukulu ndipo denga la nyumbayo likudontha. A Naphiri adawayankha pa foni kuti, "Achimwene, bambo adalipira nyumba imeneyi mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Ku Dedza munda wawo udatengedwa ndi a kuchikazi, monga mwa mwambo. Tikagulitsa pano, mwana wanu akadzafunsa kwawo kwa agogo ake mudzamulozera kuti?" Alongowo sadavomere ndipo sadakane; adati adikire chaka chimodzi, ndipo zaka zapitapo zingapo.

Alendo ochokera ku Malawi akabwera masiku ano, a Naphiri amawayendetsabe pa Machipisa, ku holo ya Cyril Jennings ndi pa Zimbabwe Grounds, chifukwa mbiri imeneyo ndi yawonso, ndipo bambo awo adali m'khamu la pa 27 Januwale 1980. Akachoka pabwalopo amawakhotetsa kulowa m'misewu ya ku Egypt, kope lija lili m'manja, n'kumaima pa zipata za nyumba zimene eni ake atsopano sadziwa chifukwa chimene anthu achilendo aimira pamenepo. Ena mwa eni nyumbawo amatuluka kudzafunsa, ndipo akamva nkhani yake amatulutsa mipando. Kawiri konse zidachitika kuti wotulukayo, atamvetsera kwa kanthawi, adatchula mfunda wa agogo ake.