Malembo Othamanga pa Kanema

Kale, mfumu ikakhala ndi mawu ofuna kuuza anthu ake, inkatuma munthu wa liwu lamphamvu kuti akakwere pachulu madzulo, anthu atabwerako kuminda, ndi kufuula uthengawo. Mudzi wonse unkamudziwa munthu ameneyo. Unkadziwa dzina lake, mtundu wake, ndiponso amene wamutuma. Iye ankalankhula chinenero cha eni mudzi, ndipo mawu ofunika ankawabwereza kawiri kapena katatu kuti ndi nkhalamba yomwe imve. Akanama, m'mawa mwake ankasowa poyang'ana, pakuti onamizidwawo anali abale ake omwe.

Masiku ano chulu chija chasanduka galasi la wailesi ya kanema, ndipo wofuula uja wavala suti ndi tayi, wakhala pampando ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Koma ntchito yake sinasinthe ayi. Iye akadali mthenga, ndipo mthenga amayesedwa ndi funso limodzi lokha: kodi amene anamutumizira mawu uja wamva?

Mmene Zinayambira

Mawu oyenda mumphepo anayamba kufika m'midzi ya dziko lino kuchokera ku Lusaka. Kumeneko kunali nyumba youlutsa mawu yotchedwa Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula m'zinenero za eni dziko, ndi Chinyanja chomwe. M'chaka cha 1949 munatuluka kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, chifukwa kanali kobulungira ngati sefuliya. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo nyumba imene inali nako inkadzaza ndi alendo madzulo alionse.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, imene anthu amangoti MBC. Koma kanema anachedwa kufika. Ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, anayamba mu 1960, ndipo ku Kitwe mu 1961. Kuno, nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, dziko linalibe nyumba yakeyake ya kanema. Television Malawi inayamba mu 1999, pa nthawi ya Bakili Muluzi, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Kenaka zinadza zina, monga Times ndi Zodiak.

Chomwecho munthu wachikulire wa kwa Kadewere anakula akumva nkhani ndi khutu. Kuzilandira ndi maso ndi chinthu chimene wachipeza ali kale ndi ana. Ndiponso sazilandira ali yekha pampando wofewa. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi, kotero kanema amaonedwa pagolosale, mometera tsitsi, kapena pakhomo pa munthu amene ali ndi sola. Galasi limakhala limodzi, laling'ono, koma maso ali makumi awiri, ndipo ena aima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Aliyense wokonza nkhani za pa kanema ayenera kumkumbukira munthu wa pachitsekoyo.

Zimene Zili pa Galasi

Munthu akayang'anitsitsa galasi pa nthawi ya nkhani, adzaona kuti pali zinthu zingapo. Pakati pali wowerenga nkhani. Pakona pali chizindikiro cha nyumba youlutsayo. Munthu wina akamalankhula, dzina lake ndi udindo wake zimalembedwa pansi pa nkhope yake. Ndipo m'munsi mwenimweni muli mzere wa malembo amene amathamanga kuchokera kumanja kunka kumanzere, osapuma. Zonsezi sizinamere zokha ngati bowa. Pali anthu amene anakhala pansi, nasankha kukula kwa malembo, mtundu wake, chinenero chake ndi liwiro lake.

Kakonzedwe kameneka kanatengedwa ku nyumba zazikulu zakunja, monga BBC ndi CNN, kumene oonera ambiri anayamba kuwerenga ali ana. Kwa iwo mzere wothamangawo ndi wopepuka. Koma taganizani za mayi amene watha chaka chimodzi ku sukulu ya kwacha. Iye amawerenga polumikiza maphatikizo mmodzimmodzi. Akuti "chi", akuti "ma", akuti "nga", ndipo pamene wazindikira kuti mawuwo ndi "chimanga", mtengo wa chimangacho wapita kale, walowa kuseri kwa galasi. Mzerewo ukakhala m'Chingerezi, ndiye kuti chitseko chatsekedwa kawiri. Mayiyo amakhala chete, nayamba kudzikayikira, kuganiza kuti mwina zimene anaphunzira zija n'zachabe. Komatu kulakwa si kwake. Mthenga ndiye wafuula akuthamanga.

Mankhwala a nthenda imeneyi si okwera mtengo. Mawu ofunika, monga mtengo wa mbewu, tsiku la katemera, kapena dzina la mtsinje umene wasefukira, alembedwe m'Chichewa, ndi malembo akuluakulu, oyera pa malo akuda kapena akuda pa malo oyera. Aime malo amodzi kufikira munthu atawawerenga mokweza kawiri. Ndipo chimene chalembedwa, wowerenga nkhani achinenenso ndi pakamwa. Potero wongophunzira kuwerenga adzalumikiza chimene akuona ndi chimene akumva, ndipo nkhani za tsiku lililonse zidzasanduka sukulu yake yachiwiri.

Nyumba zina zimaika pakona munthu womasulira m'chinenero cha manja, kuti osamva nawonso atsate nkhani. Chimenechi n'choyamikika zedi. Chimasonyeza kuti okonza kanema akafuna kukumbukira munthu wina, amapeza malo pa galasi. Nzeru yomweyo ifikenso kwa wowerenga pang'onopang'ono.

Nkhani Zake za Yani?

Kakonzedwe si malembo okha ayi. Palinso kusankha chimene chiyambe ndi chimene chitsirize. Si bwino kuti nkhani za m'Chichewa zikhale makombo a nkhani za m'Chingerezi, zodulidwa ndi zofupikitsidwa, ngati kuti wozimvayo ndi mwana. Anthu a kumudzi amatha kutsata zinthu zakuya. Pa mlandu wa chisankho cha 2019, mawailesi ankaulutsa zochitika m'bwalo la milandu, womasulira akuika m'Chichewa, ndipo anthu m'misika ndi m'minda anatsata mlanduwo miyezi yambiri, kufikira chigamulo cha pa 3 February 2020. Amene anamvetsa mlandu wotere sangalephere kumvetsa chifukwa chake feteleza wakwera mtengo, ngati wina amufotokozera bwino.

Boma la Chiradzulu limaoneka bwino pa kanema pa 15 January, tsiku lokumbukira John Chilembwe, pamene akuluakulu amasonkhana ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Tsikulo makamera amachuluka, ndipo n'koyenera ndithu. Koma chaka chili ndi masiku enanso 364. M'masiku amenewo muli mlimi wa nandolo amene akufuna kudziwa mtengo wa ku Limbe asanagulitse kwa wogula wa pamsewu. Muli woweta ng'ombe ya mkaka amene akufuna kumva za matenda a ziweto. Muli kholo lofuna kudziwa tsiku lotsegulira sukulu. Nkhani zimene zimangoonetsa akuluakulu akudula riboni ndi kuomberedwa m'manja zili ngati mthenga amene wafika pamudzi, nangofotokoza za zovala za amene wamutuma.

Tsiku la Namondwe

Wina anganene kuti zonsezi n'zazing'ono. Koma mwezi wa March 2023 unaphunzitsa anthu a chigawo cha kumwera kuti uthenga womveka ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Namondwe wotchedwa Freddy anabweretsa mvula ya masiku angapo osaleka. Mapiri anagumuka, matope ndi miyala zinakwirira nyumba, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri, pamodzi ndi Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso.

Pa nthawi yotere, mapu a nyengo si chokongoletsa. Mapu okhala ndi mitundu yofiira ndi yachikasu, popanda wonena tanthauzo lake, sathandiza munthu amene nyumba yake ili m'tsinde mwa phiri. Iye afunika kuona dzina la boma lake litalembedwa poyera, ndi kumva mawu achindunji: mvula idzayamba liti, oyenera kusamuka ndi ati, ndipo apite kuti. Akale anati chakudza sichiyimba ng'oma. Koma namondwe wa masiku ano amaonedwa ndi akatswiri a zanyengo akadali panyanja, masiku angapo asanafike. Ng'oma ilipo tsono. Chofunika n'chakuti iimbidwe momveka.

Namondwe yemweyo anazimitsa magetsi m'madera ambiri, ndipo galasi la kanema linada. Wailesi ya batire ndiyo inatsala ikulankhula. Banja lanzeru lisataye wailesi yake chifukwa lagula kanema.

Kanema wa M'thumba

Tsopano kwadza chinthu china chatsopano. Lamya ya m'manja yasanduka kanema woyenda naye m'thumba. Kudzera pa intaneti, munthu amaona zithunzi zoyenda pa YouTube, Facebook ndi TikTok nthawi iliyonse imene wafuna, osadikira ola la nkhani. Netflix, imene imaonetsa mafilimu kwa olipira mwezi ndi mwezi, inatsegulidwa m'mayiko ambiri a mu Africa mu 2016. Nyumba zoulutsa nkhani za m'dziko muno nazonso zimaonetsa zina mwa nkhani zawo pa Facebook, kotero mnyamata wa kwa Kadewere amene akugwira ntchito ku Johannesburg amaona zochitika kwawo tsiku lomwelo. Umenewu ndi ubwino waukulu, ndipo palibe angaukane.

Koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuzidziwa. Choyamba, kuonera kumeneku si kwaulere. Zithunzi zoyenda zimadya bandulo msanga kuposa mawu olembedwa, ndipo ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya mchere ndi sopo. Chachiwiri n'chachikulu koposa. Makampani ambiri oterewa amapeza ndalama zawo mwa kuonetsa malonda, ndipo munthu akachedwa pa galasi, iwo amapindula. Tsono makina awo amaphunzira chimene chimamugwira maso munthu aliyense, namubweretsera chofanana nacho, china pambuyo pa chinzake. Makinawo safunsa ngati chinthucho n'choona. Ndipo popeza chodabwitsa ndi chokwiyitsa chimagwira maso kuposa chofatsa, bodza limayenda msanga kuposa choonadi.

Pa kanema wa m'thumba aliyense angakwere pachulu. Zithunzi za madzi osefukira a dziko lina, kapena a chaka china, zingatumizidwe ngati za dzulo. Mawu angaikidwe m'kamwa mwa munthu amene sanawanene, pakuti makompyuta a masiku ano amatha kutengera liwu ndi nkhope ya munthu. Nyumba youlutsa nkhani ili ndi dzina, ili ndi malo odziwika, ili ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Ikalakwa, munthu angakadandaule. Koma kanema wofika pa WhatsApp, wopanda dzina ndi wopanda tsiku, ali ngati mlendo wofuula usiku kuseri kwa nyumba, amene kukacha sapezeka.

Mafunso Atatu

Apa ndipo pamene kuwerenga kumaonetsa mphamvu yake. Munthu wosadziwa malembo amangokhulupirira nkhope ndi liwu. Wodziwa malembo, ngakhale amawerenga pang'onopang'ono, ali ndi muyeso m'manja. Nkhani iliyonse angaifunse mafunso atatu.

Loyamba: wanena ndani? Ayang'ane dzina pansi pa nkhope, ndi chizindikiro cha nyumba youlutsayo pakona. Lachiwiri: zachitika liti? Afunefune tsiku, mwezi ndi chaka. Lachitatu: zachitikira kuti? Awerenge dzina la malo, aonenso zikwangwani za m'misewu ndi za pamasitolo zimene zili m'chithunzicho, ngati zikugwirizana ndi malo amene akunenedwawo. Nkhani ikalephera kuyankha mafunso atatuwa, aisunge kaye, asaitumize kwa mnzake, mpaka ataimvanso pa wailesi yodziwika madzulo. Safunsa anadya phula.

Lamya ili ndi ubwino umodzi umene kanema wa pagolosale alibe: chithunzi chingaimitsidwe ndi chala. Wophunzira asachite manyazi kuimitsa, kuwerenga bwinobwino, ndi kubwereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akaona kuti malembo a pa kanema akuthamanga kwambiri, kapena kuti nkhani za dera lake sizimveka, ali ndi ufulu wolemba kalata kapena uthenga wa pa lamya kwa eni nyumbayo. Makalata otere akachuluka, kuchokera kwa Kadewere, ku Namitambo ndi kwina konse, okonza nkhani adzazindikira kuti kumudzi kuli maso amene akuwerenga.

Okonza kanema ali ndi ngongole kwa munthu wa kumudzi: malembo oima, chinenero chake, ndi nkhani zokhudza munda wake ndi moyo wake. Nayenso ali ndi gawo lake, ndilo kusaleka kuphunzira. Dzanja limene laphunzira kulemba dzina lake lingathenso kulemba funso, ndipo mthenga aliyense, wa pachulu kapena wa pagalasi, amasamala mawu ake akadziwa kuti omvera ake amafunsa.